Mpopi wa ozimitsa moto ulipo koma madzi ndi ochepa: muyambire pati?

Dandaulo lake limafanana kulikonse, kaya ndi pa fakitale, pa chipatala, pa sukulu kapena pa nyumba yosanja ya maofesi. Mpopi wa ozimitsa moto uli pamalo pake, wapakidwa penti bwinobwino, geji yoyezera mphamvu ya madzi ikuonetsa pulesha yokwanira, koma mukautsegula madzi amatuluka mwamphamvu kwa masekondi angapo kenako n'kufooka. Ena amazitulukira tsiku limene a inshuwalansi abwera kudzayendera. Ena amazitulukira nyumba ikuyaka.

Eni nyumba ambiri akaona zimenezi amathamangira kukafunsa mtengo wa pampu yaikulu. Musafulumire. Pa zinthu zonse zimene mungasinthe, pampu ndiyo yodula kwambiri, ndipo nthawi zambiri vuto silikhala pamenepo.

Geji ya madzi oima musaikhulupirire

Nambala imene geji imaonetsa madzi ataima imangokuuzani kutalika kwa thanki kapena mphamvu imene a kampani ya madzi akukankhira. Siikuuzani kuti ndi madzi ochuluka bwanji amene angadutse. Kapaipi kakang'ono ka kubafa ndi chipaipi cha mamilimita 300 zikalumikizidwa ku gwero limodzi, geji idzawerenga chimodzimodzi pa zonse ziwiri, bola madzi asayende. Valavu imene yangotsegulidwa pang'ono kwambiri nayonso imapereka nambala yomweyo. N'chifukwa chake munthu amene wangomangirira geji pa mpopi, n'kulemba kuti "4.5 bar, zili bwino", palibe chimene wayesa (bar ndi muyezo wa pulesha).

Kuyesa kwenikweni kumafuna mipopi iwiri ndi anthu awiri. Pa mpopi woyamba, umene uli pafupi ndi nyumba yanu, mangirirani geji, tsegulani, tulutsani mpweya, ndipo lembani pulesha ya madzi oima. Mnzanu apite pa mpopi wachiwiri, wa kutsogolo pa paipi yomweyo, autsegule wonse pang'onopang'ono. Madzi akayera n'kuyamba kutuluka mokhazikika, iye ayese mphamvu yawo ndi pitot, kachubu kopindika kokhala ndi geji yake kamene amakaika pakati penipeni pa madzi akutulukawo. Nthawi yomweyo inu muwerenge geji yanu kachiwiri. Pulesha yotsalayi, imene imaoneka madzi akuyenda, ndiyo ikunena zoona.

Masamu ake ndi ochepa, ndipo ali mu NFPA 291, malangizo a ku United States amene mainjiniya a m'mayiko ambiri amawatsatira. Malita otuluka pa mphindi ndi 0.666 × c × d² × √p. Apa d ndi kukula kwa mlomo wa mpopi m'mamilimita, p ndi bar imene pitot yawerenga, ndipo c ndi 0.9 ngati m'kati mwa mlomo ndi mosalala mozungulira, 0.8 ngati muli ngodya yakuthwa, kapena 0.7 ngati mlomowo walowerera m'kati mwa thupi la mpopi. Mlomo wa mamilimita 65 wosalala, pitot ikawerenga 1 bar, ukutulutsa malita pafupifupi 2,500 pa mphindi.

Funso limene ozimitsa moto amafuna liyankhidwe ndi lakuti angatenge madzi ochuluka bwanji pulesha isanatsike pansi pa 1.4 bar. Malire amenewa sanangoikidwa chisawawa. Pulesha ikatsika kuposa apo, pampu ya galimoto yozimitsa moto imayamba kumeza mpweya, ndipo m'madera okwera mapaipi amatha kuyamwa madzi akuda a m'nthaka kudzera m'malo odontha, n'kuwalowetsa m'madzi akumwa. Tiyerekeze kuti madzi oima anali 4.5 bar, ndipo potulutsa malita 2,500 pulesha inatsika kufika pa 3.0. Yatsika ndi 1.5, pamene malire amalola kuti itsike ndi 3.1. Gawani 3.1 ndi 1.5, zimene mwapeza muzikweze ku mphamvu ya 0.54, kenako muchulukitse ndi 2,500. Mupeza malita pafupifupi 3,700 pa mphindi. Koma pulesha ikanatsika kufika pa 1.8, mukanapeza malita pafupifupi 2,700 okha. Malo onse awiriwa geji ya madzi oima inkati 4.5.

Nanga ofunika ndi angati? Zimadalira kukula kwa nyumba, zimene anamangira, zimene zimasungidwamo, komanso lamulo la dziko limene muli, ndipo mawu omaliza ndi a ofesi ya ozimitsa moto ya dera lanu. Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, International Fire Code, imene ndi malamulo a za moto otsatiridwa m'madera ambiri a ku United States, imafuna magaloni 1,000 pa mphindi, amene ndi malita 3,785, kwa ola limodzi pa nyumba wamba ya banja limodzi kapena awiri yosapitirira masikweya mita pafupifupi 335. Pa nyumba zina muyezo umayambira pa malita pafupifupi 5,700 pa mphindi kwa maola awiri, n'kukwera mpaka kupitirira malita 30,000 pa mphindi kwa maola anayi. Nyumba yokhala ndi ma sprinkler, timipopi ta kudenga timene timawaza madzi tokha moto ukabuka, imachotseredwako kwambiri. Kumene amatsatira NFPA 291, mtundu wa penti ya pamutu pa mpopi umanena zotsatira za kuyesaku: buluu woyererapo ndi malita 5,700 kapena kuposa, wobiriwira ndi kuyambira 3,800, wa olenji kuyambira 1,900, ndipo wofiira ndi wochepera pamenepo. Koma penti ndi penti. Inanena zoona chaka chimene inapakidwa.

Yambani ndi mavalavu

Mukatsimikiza kuti madzi ndi ochepadi, yendani wapansi kuchokera pamene paipi yanu yalumikizidwa ku paipi yaikulu mpaka pa mpopi, ndipo valavu iliyonse muigwire ndi dzanja. Kuyang'ana kokha sikokwanira. Kafukufuku wa NFPA, bungwe la ku United States loona za chitetezo ku moto, wakhala akuonetsa kuti pamene ma sprinkler alephereratu kugwira ntchito, nthawi zoposa theka chifukwa chake chimakhala chakuti wina anatseka madzi. Ku mipopi nkhani ndi yomweyo. Amisiri anabwera kudzakonza podontha, anatseka, anamaliza kutada, anatsegula kangapo kokha n'kuona madzi akutuluka pa mpopi wa kukhitchini, n'kunyamuka.

Valavu yoonekera ya mtundu wa OS&Y ndi yosavuta: chitsulo chake chapakati chikatuluka chonse kunja ndiye kuti ndi yotsegula, chikabisika ndi yotseka. Ya pansi pa nthaka ndiyo imapusitsa. Njira yake ndi kuwerenga. Itsekeni yonse, kenako muitsegule mukuwerenga kuti mwazungulitsa kangati. Ya mamilimita 150 imazungulira pafupifupi ka 20. Ngati potseka munangozungulitsa kanayi n'kulimba, vuto mwalipeza. Ngati sipanala ikungozungulira osafika pothera, chitsulo cha m'kati chinathyoka ndipo chitseko chake chikhoza kukhala kuti chinagwera pansi n'kutseka njira. Imeneyo ndi yokumba. Dziwaninso kuti si mavalavu onse amatsegukira mbali imodzi. Alipo ena otsegukira kumanja, ndipo munthu wosadziwa amatseka akuganiza kuti akutsegula. Ngakhale kachikwangwani kolembedwa OPEN pa valavu ya chipilala kamatha kunama ngati anakamangirira molakwika.

Malo amene paipi inazungulira nyumba yonse n'kukumananso ndi pamene valavu yotseka imabisala zaka zambiri, chifukwa madzi amafikabe kudzera mbali inayo ndipo palibe amene amadandaula. Imadzaoneka pokhapokha mukafuna madzi ambiri nthawi imodzi. Mukamaliza, mavalavu onse amangidwe ndi tcheni ndi loko ali otsegula. NFPA 25, imene ndi malangizo a kasamalidwe ka zipangizo za madzi a moto, imati aziyenderedwa mlungu uliwonse, kapena mwezi uliwonse ngati ali okhoma.

Ngati mavalavu onse ali bwino, geji ikuthandizani kupeza pamene patsekeka. Ikani mageji malo atatu kapena anayi motsatira paipi, tsegulani mpopi wa kumapeto, ndipo muyerekeze manambala. Pulesha ikagwa mwadzidzidzi pakati pa malo awiri oyandikana, chotchinga chili pomwepo. Ikamatsika pang'onopang'ono njira yonse, vuto ndi paipi yeniyeniyo. Ikakhala yotsika kale pa geji yoyamba, vuto lili kunja kwa mpanda wanu, ndipo zotsatirazo mupite nazo ku kampani ya madzi.

Kugwa kwa pulesha mwadzidzidzi nthawi zambiri kumapezeka pa mita, pa sefa, kapena pa valavu yoletsa madzi kubwerera m'mbuyo. Mita wamba ya madzi a m'nyumba sinapangidwire madzi a moto, ndipo paipi ya mamilimita 150 yodutsa pa mita ya mamilimita 50 yasanduka paipi ya 50. Sefa imadzaza miyala, mchenga, tizidutswa ta matabwa ndi nsanza zimene zinatsalira pomanga. Pa nyumba yatsopano kayikirani zimenezi poyamba. NFPA 24, imene ndi malangizo oikira mapaipi ndi mipopi ya moto, imafuna kuti paipi yatsopano itsukidwe ndi madzi othamanga mamita atatu pa sekondi isanalumikizidwe ku nyumba, ndipo pa paipi ya mamilimita 150 amenewo ndi malita oposa 3,300 pa mphindi. Kutsegulira kampopi kakang'ono mpaka madzi ayere sikusuntha mwala.

Paipi yaing'ono, paipi yokalamba

Apa ndi pamene anthu ofuna kupulumutsa ndalama pomanga amadzipweteka okha. Pongoyang'ana, paipi ya mamilimita 100 ndi ya 150 sizisiyana kwambiri, koma madzi ofanana akamadutsa, ya 100 imataya pulesha kuwirikiza pafupifupi kasanu ndi kawiri. Komanso mukachulukitsa madzi kawiri pa paipi yomweyo, pulesha yotayika siwirikiza kawiri, imawirikiza pafupifupi ka 3.6. Ndiye chifukwa chake mpopi umodzi umaoneka bwino, koma mukatsegula wachiwiri yonse imafooka. NFPA 24 imati paipi yodyetsa mipopi isachepere mamilimita 150.

Paipi yachitsulo yakale yopanda simenti m'kati imamera zotupa za dzimbiri zimene zimachepetsa njira n'kuikhakhalitsa. Kunja ikhoza kuoneka yabwinobwino. Chizindikiro chake ndi madzi ofiirira amene amachedwa kuyera, komanso zotsatira zimene zikutsika chaka ndi chaka popanda wina kusintha kanthu. Mankhwala ake ndi kupala m'kati n'kumatamo simenti kapena kusintha paipi yonse. Koma musanakumbe msewu wonse, onani ngati paipi yanu imangothera pa mpopi womaliza. Ngati ili yotero, kuilumikiza ku paipi ina kuti madzi azibwera mbali ziwiri kumathandiza kwambiri, chifukwa mbali iliyonse imanyamula theka, ndipo theka la madzi limataya pulesha yochepera gawo limodzi mwa magawo atatu.

Chikweza, nthawi ndi thanki

Mamita 10 aliwonse okwera amadya pafupifupi 1 bar, kaya madzi akuyenda kaya ataima. Ngati munayesa pa mpopi wa kuchipata pamene nyumba ili pamtunda mamita 15 kuchokera pamenepo, chotsani 1.5 bar pa zimene munapeza. Nthawi yoyesera nayonso ndi nkhani. Zotsatira za pakati pa usiku zimakometsa, chifukwa aliyense ali m'tulo. Yesani nthawi imene anthu a m'deralo akutunga kwambiri, ndiponso nyengo imene madzi amachepa.

Kumene madzi a mumsewu ndi osadalirika, yankho ndi thanki, ndipo masamu ake amadzidzimutsa: malita 5,700 pa mphindi kwa maola awiri ndi malita 684,000. Ku England, Approved Document B, imene ndi malangizo a boma a chitetezo ku moto pomanga nyumba, imalola thanki ya malita osachepera 45,000 kumene kulibe paipi yokwanira, koma amenewo ndi malire a pansi penipeni. Vuto lofala pa mathanki ndi lakuti imodzi yomweyo imadyetsa zimbudzi, khitchini ndi mipopi ya moto. Madzi akasiya kubwera masiku awiri, anthu amamwa ndi kuchapira madzi a moto osadziwa. Kukonza kwake n'kotchipa: paipi ya madzi a tsiku ndi tsiku ichokere chapamwamba pa thanki, ya moto ichokere pansi, kuti gawo la moto lisakhudzidwe. Ndipo kwerani mukasuzumire. Kachipangizo koonetsa mlingo wa madzi kamatha kukakamira pa "yodzaza".

Ngakhale mizinda yolemera imagwa m'vuto limeneli. Mu Januwale 2025, pa moto wa ku Pacific Palisades mu mzinda wa Los Angeles, mathanki atatu a pamtunda, iliyonse ya malita pafupifupi 3.8 miliyoni, anauma pasanathe tsiku, ndipo mipopi ya m'madera okwera inasowa madzi. Madzi ankatengedwa kumunsi mofulumira kuposa mmene mapampu akanadzazira mathankiwo.

Tsopano pampu

Pampu silenga madzi. Ikalumikizidwa ku paipi yofooka imangoikoka mpaka kuiphwetsa, ndipo mudzamva phokoso ngati muli timiyala m'kati mwake. Ngati muli nayo kale ndipo madzi ndi ochepabe, zoyamba kuona ndi zochititsa manyazi: switchi inasiyidwa pa OFF pambuyo pokonza, batire ya injini inafa, dizilo anatha kapena anakhalitsa, sefa ya kumene imakokera inatsekeka, kapena mota ikuzungulira chammbuyo chifukwa mawaya anasinthanitsidwa. Kapampu kakang'ono kosunga pulesha, ka jockey, kamabisa zonsezi, chifukwa kamasunga geji pamwamba pamene pampu yaikulu inafa kalekale. Kakamangodzuka pafupipafupi, penapake pakudontha.

Pampu ya dizilo izilizidwa mphindi 30 mlungu uliwonse, yamagetsi mphindi 10 mwezi uliwonse, ndipo kamodzi pachaka iyesedwe ikutulutsa madzi. Malinga ndi NFPA 20, imene ndi malangizo a mapampu a moto, pampu ya moto iyenera kutulutsa madzi okwana 150 peresenti ya muyezo wake pulesha isanatsike pansi pa 65 peresenti ya muyezo wake. Ikalephera, pamenepo ndiye nkhani ya pampu yayamba. Tsatiraninso waya wa magetsi ake. Ngati wadutsa m'kati mwa nyumba imene pampuyo ikuteteza, moto udzayamba kudula umenewo.

M'nyumba zazitali onjezani mavalavu ochepetsa pulesha a pa nsanjika iliyonse. Pa 23 Febuluwale 1991 moto unabuka pa nsanjika ya 22 ya One Meridian Plaza, nyumba ya nsanjika 38 ku Philadelphia. Mavalavu amenewa anali atatcheredwa motsika kwambiri, moti ozimitsa moto ankalandira madzi ofooka ngakhale kuti pansi mphamvu inalipo. Anthu atatu mwa iwo anafa, ndipo motowo unakaima pa nsanjika ya 30 pamene panali ma sprinkler. Valavu yotere simungaidziwe poiyang'ana, imafuna kuyesedwa madzi akuyenda.

Mpopi weniweniwo

Mipopi ya m'mayiko ozizira ili ndi valavu pansi pa nthaka ndi kabowo kotayira madzi otsala kuti asaundane. Yotereyi imafuna kutsegulidwa yonse kapena kutsekedwa yonse. Mukaisiya pakati, madzi amathawira pa kabowoko n'kukokolola dothi la pansi pake. Mukatseka, madzi a m'thupi mwake ayenera kutha pasanathe ola. Akatsalira, kabowo katsekeka kapena valavu ikudontha. Mipopi ya m'dzenje, monga ya ku Britain imene imadziwika ndi kachikwangwani kachikasu ka chilembo H, vuto lake ndi matope odzaza m'dzenjemo ndi phula limene okonza msewu amathira pa chivundikiro. Pa kachikwangwaniko nambala ya pamwamba ndi kukula kwa paipi m'mamilimita, ya pansi ndi mamita ofikira pa dzenjelo.

Mpopi uliwonse utsegulidwe wonse kamodzi pachaka kwa mphindi yosachepera imodzi, zivundikiro zipakidwe girisi, ndipo potseka muzitseka pang'onopang'ono. Madzi othamanga akaimitsidwa mwadzidzidzi amamenya paipi mwamphamvu moti amatha kuiphulitsa.

Pali chinanso chimene pafupifupi aliyense amaiwala. Itanani ozimitsa moto a m'dera lanu adzamangirire hozipaipi yawo pa mpopi wanu. Mu Febuluwale 1904 mzinda wa Baltimore ku United States unapsa, nyumba zoposa 1,500, ndipo ena mwa amene anabwera kudzathandiza kuchokera ku mizinda ina anapeza kuti zolumikizira zawo sizikulowa pa mipopi ya kumeneko. Zinachitikanso ku Oakland mu 1991, kumene milomo ya mipopi inali ya mainchesi 3 pamene oyandikana nawo ankagwiritsa ntchito ya 2.5. Masiku ano vutoli limabwera ndi mipopi yogulidwa kunja popanda kufunsa. Ngati sizigwirizana, sinthani mlomo. Kusunga adaputa mu ofesi ya mlonda n'kudalira kuti tsikulo iye adzakhalapo ndi kiyi.

Madzi alipo koma mpopi uli polakwika

Mtunda suyezedwa ndi rula pa pulani. Umayezedwa motsatira njira imene hozipaipi idzadutse, kuzungulira ngodya, mipanda ndi ngalande. International Fire Code imafuna mipopi ina m'kati mwa malo anu ngati pali mbali ina ya nyumba imene ili kutali kupitirira mamita 122 kuchokera pa mpopi, kapena mamita 183 ngati nyumbayo ili ndi ma sprinkler. Ku England, nyumba yokhala ndi chigawo choposa masikweya mita 280 imene ikumangidwa patali kuposa mamita 100 ndi mpopi umene ulipo imafuna mipopi yatsopano pasanapitirire mamita 90 kuchokera pa khomo, ndipo mipopiyo isatalikirane kuposa mamita 90. Manambalawa amasiyana, koma chifukwa chake n'chimodzi: hozipaipi imadya pulesha, ndipo kuiyala kumadya nthawi.

Kuyandikira kwambiri nakonso ndi vuto. NFPA 24 imati mpopi ukhale mamita osachepera 12 kuchokera ku nyumba imene ukuteteza, chifukwa mpopi umene uli pansi pa khoma loyaka palibe angaufikire. Pozungulira pake pakhale malo opanda kanthu pafupifupi mita imodzi, mlomo ukhale mamilimita osachepera 450 kuchokera pansi kuti sipanala izungulire, ndipo mlomo waukulu uyang'ane kumsewu. Ngati nyumba ili ndi polumikizira ozimitsa moto podyetsa mapaipi okwera m'mwamba, mpopi ukhale pasanapitirire mamita 30 kuchokera pamenepo, makamaka mbali yomweyo ya msewu, kuti hozipaipi isatseke njira ya magalimoto ena obwera kudzathandiza.

Kawirikawiri mpopi unaikidwa pabwino poyamba, ndipo malo ndiwo anasintha. Anamanga mpanda watsopano, anawonjezera shedi kumbuyo, anakweza dothi pokongoletsa mpaka mlomo unatsala pang'ono kukwiririka, anajambula malo oimika galimoto patsogolo pake. Choncho ntchito iliyonse yomanga ikatha, tengani chingwe chachitali muyende nacho kuchokera pa mpopi mpaka pa ngodya ya kutali kwambiri ya nyumba, kudzera m'zipata zimene zimatsegukadi usiku. Kumene magalimoto amakhota, zikani zipilala zachitsulo zoteteza mpopi, koma zisaime kutsogolo kwa milomo yake.

Zotsatira za kuyesa kulikonse zilembedwe pamodzi ndi tsiku, nthawi, mipopi imene inagwiritsidwa ntchito ndi mlingo wa madzi m'thanki. NFPA 25 imafuna kuti mapaipi a pansi pa nthaka ayesedwe madzi akuyenda zaka zisanu zilizonse, ndipo poyesanso mugwiritse ntchito mipopi iwiri yomweyo pa nthawi yofanana, apo ayi manambala sadzayerekezeka. Ngati pulesha ya madzi oima ndiyo yatsika, funsani a kampani ya madzi kapena yang'anani thanki. Ngati ya madzi oima sinasinthe koma yotsala yatsika, bwererani ku mavalavu.